Chaka chimene ndinataya ndikudikira kuti mbewa idwale ngati ng'ombe

Mwezi woyamba nditafika ku Britain kudzachita maphunziro a PhD, aphunzitsi anga ananditengera ku famu ina ya ng'ombe za mkaka kuti ndikaone ndi maso matenda amene ndinabwerera, a m'matumbo a ng'ombe otchedwa a Johne. Ng'ombe imene mwini famu anatisonyeza inkadya bwinobwino, msipu osachoka pakamwa, koma nthiti zake unkatha kuziwerenga uli patali. Kumbuyo kwake kunali kodetsedwa ndi ndowe yamadzimadzi, ndipo kunsi kwa chibwano kunali kotupa ngati kathumba ka madzi. Inali ndi zaka zinayi. Mwini famu anati kachilombo koyambitsa matendawa inakatenga ili kamwana, mwina m'masabata oyambirira, poyamwa bere lopakika ndowe. Zaka zonse zapakatizo inkaoneka yathanzi, kwinaku ikumwaza tizilombo m'khola.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kuondako kunandikumbutsa abale athu amene tinawaona akutha ndi kaliwondewonde ma ARV aulere asanayambe kuperekedwa m'Malawi mu 2004: munthu kutsegula m'mimba miyezi, kudya koma thupi likumka lichepa. Kufananako si kwa maso okha ayi. Kachilombo ka ng'ombeyo, Mycobacterium avium subspecies paratuberculosis, kamene mu labu timangokatchula kuti MAP, ndi kapachibale kwambiri ndi Mycobacterium avium kamene kamalowera m'matumbo a munthu amene chitetezo chake chatsikiratu, makamaka CD4 ikafika pansi pa 50, n'kufalikira m'thupi lonse. Tonse tiwiri ndi ta banja limodzi ndi kachilombo ka TB.

Matenda a ng'ombewa amatchedwa a Johne, potengera dzina la Heinrich Albert Johne amene, pamodzi ndi Langdon Frothingham, anawafotokoza ku Dresden mu 1895 atapeza ng'ombe ya matumbo okhuthala, a makwinya. Amagwiranso nkhosa ndi mbuzi. Mu 1913 dokotala wa opaleshoni wa ku Glasgow, Thomas Kennedy Dalziel, anaona kuti matumbo a odwala ake ena ankafanana ndi a ng'ombe zoterezi, ndipo kuyambira pamene matenda a Crohn, otupitsa matumbo a anthu, anafotokozedwa ku New York mu 1932, mkangano woti kaya MAP ali ndi gawo pa matenda amenewa mwa anthu sunathe mpaka lero.

Kufufuza pa ng'ombe zenizeni n'kodula koopsa. Uyenera kugula ana a ng'ombe, kuwasunga pa malo otsekedwa bwino, kuwadyetsa zaka zingapo. Wophunzira ngati ine anali ndi zaka zitatu ndi ndalama zowerengeka. Choncho, monga ambiri, ndinatembenukira ku mbewa. Ndikulemba izi chifukwa chaka changa choyamba chinapita padera, ndipo zimene zinachititsa ndi zinthu zimene munthu akanandiuza pa kapu imodzi ya tiyi ndikanangofunsa.

Maganizo anga anali olunjika. Ng'ombe imatenga kachilomboka kudzera pakamwa, ndiye nanenso ndizipatsa mbewa kudzera pakamwa, ndidikire, zionde, zitsegule m'mimba, kenako ndione m'matumbo. Ndinasankha mbewa zakuda za mtundu wa C57BL/6, ndipo pamenepa pokha ndinalondola. Mbewa za mtundu umenewu ndi zoyera za BALB/c zili ndi jini (kachidutswa ka DNA kotengera kwa makolo) yotchedwa Nramp1, kapena Slc11a1, imene sigwira ntchito. Jini imeneyi ikamagwira bwino imathandiza maselo odya tizilombo, ma macrophage, kumana kachilombo ayironi ndi michere ina yofanana nayo imene kamafuna. Mitundu ina monga C3H ndi 129 ili ndi jini yabwinobwino ndipo imalimbana ndi tizilomboti mwamphamvu. Munthu ukagula mbewa osayang'ana zimenezi, ukhoza kudikira miyezi isanu ndi umodzi n'kupeza thupi la mbewa linayeretsa kale zonse.

Vuto loyamba linali kulera kachilombo kenikeniko. Amene munagwirapo ntchito mu labu ya TB kwathu mukudziwa kuti TB imachedwa kumera. MAP ndiye amachedwa kuposa pamenepo. Bakiteriya wamba wa m'matumbo, E. coli, amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse. MAP amatenga pafupifupi tsiku lathunthu kapena kuposa kuti agawikane kamodzi. Pa mbale zomeretsera tizilombo mu labu, timadontho take timayamba kuoneka pakatha masabata 8 mpaka 16, ndipo mitundu yochokera ku nkhosa imachedwa koposa. Sameranso popanda mycobactin, mankhwala omuthandiza kutola ayironi, chifukwa payekha sapanga. Frederick Twort ndi George Ingram anatha kumumeretsa koyamba mu 1912 atathira mu chakudya chake tizilombo tina takufa ta banja lomwelo. Lero timagula mycobactin J n'kuthira mu chakudya cha tizilombo chotchedwa Middlebrook 7H9 kapena mu chakudya cha Herrold chokhala ndi yolk ya dzira. Ine ndinatenga kabotolo kamene ndinakapeza mu inkyubeta, kolembedwa dzina la mtundu wa kachilombo basi, osafunsa kuti kakhala kakusamutsidwa kangati kuchoka mu botolo kupita mu botolo lina. Kachilombo kakakhalitsa m'mabotolo a mu labu kamatha kufooka, kuiwala nkhondo ya m'thupi la nyama. Zofunika ndi kutenga mu firiji yozizira kwambiri, pa sitoko ya tizilombo tosungidwa imene sinasamutsidwe kambirimbiri, ndi kulemba nambala ya kusamutsako m'buku.

Kenako panali nkhani ya kuwerenga. MAP amamatana timagulumagulu chifukwa khungu lake ndi la mafuta. Ndinayeza kuderako kwa madzi a mu botolo pa makina, n'kuwerengera kuti mbewa iliyonse ndikuipatsa tizilombo pafupifupi 1 biliyoni. Koma makina aja amawerenga tamoyo ndi takufa tomwe, ndipo kagulu ka tizilombo tambirimbiri kamamera pa mbale ngati kadontho kamodzi. Chopweteka n'chakuti yankho lenileni la kuchuluka kwa zimene wapatsa mbewa limabwera patatha miyezi iwiri kapena itatu, mbale zikamera, kafukufuku ali kale pakati. Zanga zitamera ndinapeza kuti tamoyo tinali tochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene ndinkaganizira. Pambuyo pake ndinaphunzira kumwaza timaguluto podutsitsa madziwo kangapo pa singano yopyapyala, kuwasiya akhazikike kuti zibuma zitsike pansi, ndi kugawa sitoko imodzi yaikulu m'timachubu tambiri, kuwerengeratu kachubu kamodzi miyezi ingapo mbewa zisanafike n'komwe.

Tsiku lopatsa mbewa linafika. Timagwiritsa ntchito kachubu kakang'ono ka nsonga yobulungira kamene kamadutsa kukhosi mpaka m'chifu, madzi ake osakwana theka la theka la mililita. Mbewa imalemera magalamu 20 kapena 25, ndipo ukaigwira m'dzanja umamva mtima wake ukugunda pa chala. Ukalakwitsa njira madziwo amapita m'mapapo. Ndinaphunzitsidwa masabata angapo ndisanaloledwe, chifukwa ku Britain lamulo la 1986 loteteza nyama za kafukufuku limafuna kuti munthu, ntchitoyo komanso malo ake zonse zikhale ndi chilolezo chochokera ku Home Office, unduna wa za m'dziko. Poyamba ndinkaona ngati mapepalawo akundichedwetsa. Tsiku limene ndinagwira mbewa yamoyo ndili ndi kachubu m'dzanja linalo, ndinathokoza kuti sanandilole msanga.

Patatha masiku awiri ndinatola timanyi ta mbewa, n'kupanga PCR, njira yofufuzira DNA mu labu, pofuna IS900, kachidutswa ka DNA kamene kamapezeka kangapo m'kachilombo kamodzi ka MAP ndipo ndi kamene ambiri amagwiritsa ntchito pomuzindikira. Zonse zinasonyeza kuti alimo. Ndinasangalala mpaka kuimbira foni kumudzi usiku womwewo. Amayi anamvetsera mofatsa kenako anafunsa kuti, "Nanga mwanangu, mbewa zimenezo zikamaliza ntchito yanu mumazitani?" Kwathu ku Dedza mbewa ndi ndiwo, anyamata amaziimika pa timitengo m'mbali mwa msewu wa M1, ndiye funso lawo linali lachilungamo. Ndinawafotokozera kuti izi si mbewa za kumunda, ndi mtundu wina wobadwira m'nyumba zotsekedwa, ndipo zikafa zimatenthedwa chifukwa zili ndi matenda. Anati, "Ndiye muzizisamala. Zikufera inuyo." Mawu amenewa ndinayenda nawo zaka zitatu zonse.

Chisangalalo changa chija chinali cha pachabe. Zimene ndinapeza m'timanyi tija zinali tizilombo tomwe ndinathira ndekha, tikungodutsa m'matumbo n'kutuluka. PCR sisiyanitsa kachilombo kamoyo ndi kakufa, sisiyanitsanso kamene kakhazikika m'thupi ndi kamene kakungodutsa. Patatha masabata angapo zotsatira zinayamba kuzimiririka, kenako zii. Panalinso china chimene sindinachiganizire: mbewa zimadya manyi awo ndi a zinzawo, ndi chikhalidwe chawo. Choncho mbewa zisanu za m'keji imodzi zimapatsirana tizilombo ndi zonse za m'matumbo, moti powerengera zotsatira sungazitenge ngati mboni zisanu zosadziwana. Ine gulu lonse lopatsidwa kachilombo ndinaliika m'makeji awiri okha.

Masabata anapita. Mbewa zanga zinkanenepa, ubweya ukunyezimira, zikumanga zisa ndi timapepala. Palibe inatsegula m'mimba. Pa sabata la 12 ndinazipha monga mwa ndondomeko, n'kutsegula. Matumbo anali opyapyala, ofewa, okongola ngati a mbewa ina iliyonse. Ndinapera zidutswa za matumbo n'kuthira pa mbale. Pakutha pa masabata awiri, mbale zambiri zinali zitachita chuku, zina zitadzaza ndi mabakiteriya wamba a m'matumbo amene amamera usiku umodzi. Sindinayeretse minofuyo mokwanira. Matumbo si chiwindi. Ndi msika wa tizilombo. Amafunika kutsukidwa, kuviikidwa mu mankhwala otchedwa HPC amene amapha tizilombo tinato, ndipo pa mbale pakhale mankhwala oletsa chuku ndi mabakiteriya ena: vancomycin, amphotericin B ndi nalidixic acid. HPC yemweyo amaphanso MAP wambiri, ndiye chiwerengero chimene upeze chimakhala chocheperapo kusiyana ndi chenicheni, ndipo zimenezi uyenera kuzinena polemba. Mbale zochepa zimene zinapulumuka ku chuku zinauma n'kung'ambika mwezi wachitatu usanathe, chifukwa sindinazimate bwino m'mbali. Nditawerengetsa nthawi yolera kachilombo, yosunga mbewa ndi yodikira mbale, chaka chinali chitatha, ndipo m'manja munalibe chilichonse chimene ndikanaika m'buku la digiri.

Amene anandidzutsa si aprofesa, koma mayi wina wachikulire amene ankasamalira nyama m'nyumba ya mbewa kwa zaka zambiri. Anandipeza ndakhala pa benchi ndikuyang'ana makeji opanda kanthu. Ndinawauza kuti, "Mayi, mbewa zanga zakana kudwala." Anandifunsa kuti ng'ombe imayamba kuonetsa zizindikiro ili ndi zaka zingati. Ndinati ziwiri mpaka zisanu. Anafunsanso kuti mbewa imakhala moyo zaka zingati. Ndinati pafupifupi ziwiri. Sanawonjezere mawu pamenepo, anangondiuza kuti ophunzira angapo ine ndisanabwere anaona zomwezo, ndipo akanandiuza ndikanawafunsa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Ine ndinkaopa kuti mlendo wochokera ku Africa akamafunsafunsa aoneka ngati sanayenere malowo, ndipo mantha amenewo ndi amene anapha mbewa zija popanda phindu. Ngati mukupita kukaphunzira kunja, kapena mwalowa kumene mu labu ya kwathu konkuno, funsani amene amatsuka makeji ndi kukonza mbale. Amadziwa zimene sizilembedwa m'mapepala a kafukufuku, chifukwa zolephera sizisindikizidwa kawirikawiri.

Nditakhala pansi ndi aphunzitsi anga, tinayambiranso pa funso. Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene ndikufuna kuti aliyense wowerenga izi atenge: mbewa siingakupatse matenda a Johne athunthu. Imayankha kafunso kamodzi, kopapatiza, ndipo njira yopatsira kachilombo ndi mtundu wa mbewa zimasankhidwa potengera kafunsoko.

Kusiyana kumayambira m'mapangidwe a matumbo. MAP amalowa makamaka kudzera m'maselo otchedwa M amene amakuta timinofu ta chitetezo ta m'matumbo aang'ono, totchedwa Peyer's patches. Mwa mwana wa ng'ombe, kumapeto kwa matumbo aang'ono kuli mnofu woterewu wautali wosadukiza, khomo lalikulu lotsegula, umene umafota nyamayo ikamakula. N'chifukwa chake ana ndi amene amatenga matendawa mosavuta. Mwa mbewa muli timadontho tochepa tomwazikana, tooneka ngati njere za mapira kunja kwa thumbo. Ukathira tizilombo kamodzi, tambiri timangodutsa. Ofuna kuona mmene kachilombo kamalowera amapatsa mbewa kangapo, kenako amadula timadontho timeneti patokha pamodzi ndi anabele a m'mimba, m'malo mopera thumbo lonse ngati mmene ndinachitira ine, n'kusungunula tizilombo tochepa m'nyanja ya minofu.

Ukabaya jakisoni m'mimba, osati m'matumbo koma m'mpata wozungulira ziwalo, kachilomboka kamakhazikika modalirika. Kamapezeka m'chiwindi, m'kapamba ndi m'anabele, ndipo chiwindi chimachita timabulu ta maselo totchedwa granuloma timene ungawerenge pa maikulosikopu. Njira imeneyi ndi yabwino poyesa ngati katemera akuchepetsa chiwerengero cha tizilombo, kapena poyerekeza mtundu wa MAP wochotsedwa jini ina ndi mtundu wathunthu monga K-10, umene DNA yake yonse inasindikizidwa mu 2005. Koma walumpha khomo. Sunganene chilichonse za mmene kachilombo kamawolokera khoma la matumbo, ndipo ndawerengapo malipoti amene amaiwala kunena zimenezi momveka. Zimandipweteka, chifukwa wophunzira wina amawerenga, n'kukhulupirira, n'kutaya chaka chake.

Ndiye pali mbewa zopanda chitetezo chokwanira. Za mtundu wa SCID zilibe maselo a chitetezo otchedwa T ndi B, ndipo mwa izo kachilomboka kamachuluka, kufika m'matumbo, mbewa n'kuonda. Za mtundu wa beige zili ndi vuto m'maselo a chitetezo otchedwa NK ndi ena, ndipo zagwiritsidwa ntchito kwambiri pa Mycobacterium avium, kuphatikizapo kuzipatsa pakamwa kuti aone mmene kamachokera m'matumbo kupita m'magazi, monga zimachitikira munthu wa Edzi yofika patali. Pa funso limenelo mbewa yoteroyo imafanana ndi wodwalayo. Pa funso la ng'ombe, imene chitetezo chake n'chathunthu ndipo mbali yaikulu ya kuwonongeka kwa matumbo imachokera ku nkhondo ya chitetezocho, mbewa ya SCID imakuonetsa kuonda koma pa chifukwa china. Ena amathira mankhwala otchedwa DSS m'madzi akumwa kuti akande khoma la matumbo, kenako aone ngati MAP akukulitsa kutupako. Izi n'zothandiza kwa ofufuza za Crohn, bola pakhale gulu lomwa DSS yekha, lina la MAP yekha, ndi lina losapatsidwa kanthu, popeza DSS payekha amatsegulitsa m'mimba ndi kutulutsa magazi.

Kafukufuku wanga wachiwiri ndinamuchepetsa mpaka anakwana m'chiganizo chimodzi. Ndinatenga miyezi inayi ndikukonza sitoko ndi kuiwerenga mbewa zisanaitanitsidwe. Tinagawa mbewa m'makeji ambiri mwa maere, osati kungotola imene yabwera pafupi ndi dzanja. Tinawonjezera zingapo podziwa kuti pa kafukufuku wa miyezi yambiri zina zimachoka pa zifukwa zosakhudzana ndi matendawa: zamphongo zimamenyana, ndipo za C57BL/6 zikamakula zimakonda kuchita zilonda za pakhungu. Sabata iliyonse ndinkaziika pa sikelo, kuyang'ana ngati ubweya waima, ngati msana wapindika, ngati ina yadzipatula pakona. Tinagwirizana pasadakhale kuti imene yataya magawo 20 pa 100 a kulemera kwake isadikire tsiku lomaliza. Mfundo zitatu zimene William Russell ndi Rex Burch analemba mu 1959, zoti pamene kungatheke tisagwiritse ntchito nyama, tichepetse chiwerengero chake, ndipo tichepetse ululu wake, ndinali nditaziloweza pa mayeso. Tsopano ndinaona kuti kafukufuku wokonzedwa mosasamala amaphwanya zonse zitatu nthawi imodzi, ngakhale mbewa iliyonse itagwiridwa mwachikondi chotani.

Pa tsiku lotsegula, chiwalo chilichonse ndinachigawa patatu: china pa mbale, china mu firiji kuti chidikire PCR, china mu formalin, mankhwala osunga minofu kuti isaole. Zida zodulira ndinkasintha pakati pa chiwalo ndi chiwalo, ndikuyamba ndi chiwindi ndi kapamba, matumbo pomalizira, kuti zonyansa zake zisaipitse zinazo. Thumbo loti lionedwe pa maikulosikopu ndinkaling'amba m'litali, kulitsuka, n'kulikulunga ngati mphasa, kuti kagalasi kamodzi kaonetse utali wonse. Mbale ndinazimata, kuziika m'matumba apulasitiki, n'kulemba pa chitseko cha inkyubeta tsiku limene ndingayambe kuzitaya, lomwe linali patatha masabata 16. Mbale yopanda kanthu pa sabata lachisanu ndi chimodzi sinanene kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa anzanga a m'ma labu a TB kwathu ndiwonjezere ichi: GeneXpert, makina oyezera TB, imazindikira gulu la TB lokha, siiona MAP kapena Mycobacterium avium. Koma utoto wa Ziehl-Neelsen umene mumagwiritsa ntchito pa makhololo ndi womwewo umene timathira pa minofu ya mbewa, ndipo tizilombo tonseti timaoneka tofiira chimodzimodzi. Luso la maso anu ndi lomwe limafunika pa ntchito imeneyi, ndipo ine linandithandiza kuposa maphunziro ambiri a m'kalasi.

Magalasi anga a pa maikulosikopu anabwera kuchokera kodula minofu atabisidwa mayina. Mnzanga wina anamata manambala achilendo pa lililonse, n'kusunga m'kabati kiyi wake, pepala lomasulira manambalawo, kuti maso anga asaone zimene mtima ukufuna. Ndinayang'ana masiku atatu osaona kanthu koma buluu yekhayekha. Tsiku lachinayi madzulo, mu kagalasi ka anabele a m'mimba, ndinapeza selo limodzi lalikulu lodzaza ndi timitengo tofiira, tothithikana ngati mtolo wa nkhuni. Ndinatsika kukaitana mayi aja a kunyumba ya mbewa. Anavula magalasi a m'maso, n'kuwerama pa maikulosikopu nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti mbewayo inali ya m'keji iti. Ndinati sindinatsegule kiyi, ndipo sinditsegula mpaka nditamaliza onse. Anagwedeza mutu n'kubwerera ku makeji awo. Ndinalemba nambala ya kagalasiko m'buku, ndi malo amene seloyo inali, kenako ndinatenga kagalasi kotsatira.